Mmene tinakonzera ulendo wa masiku 5 wokaona Zambezi, kuchoka ku Ulónguè mpaka ku Songo

Ana athu atatu anabadwira ku Ulónguè m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo kusukulu amaphunzira kuti ndi a chigawo cha Tete, koma mpaka chaka chatha panalibe mmodzi mwa iwo amene anali ataona mtsinje wa Zambezi ndi maso ake. Chimene chinanditokosa mtima ndi funso la mwana wathu wachiwiri, amene madzulo ena akuwerenga anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ababa, kodi Cahora Bassa imeneyi ili m'dziko lathu lomwe lino?" Usiku womwewo ine ndi mayi a ana tinagwirizana kuti tiwatenge akaone okha.

Choyamba kukambirana chinali nyengo, chifukwa munthu wokulira kumapiri kuno sadziwa kutentha kwa kuchigwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umatentha kupitirira madigiri 40, ndipo sindinafune kuika ana ozolowera chisanu cha kwathu pa dzuwa lotere. Nthawi ya mvula tinaikananso. Tinasankha nyengo yozizira, ana ali pa tchuthi, titakolola chimanga ndi kugulitsa mbatatesi, popeza ndalama yonse ya ulendowu inachokera m'munda.

Chovuta kwambiri chinali kusankha malo. Ndinalemba papepala Moatize, Tete, Boroma, Songo, paki ya Mágoè imene inakhazikitsidwa mu 2013 m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ndiponso Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Mayi a ana atayang'ana pepalalo anati, "Bambo, kodi mukufuna ana akaone dziko, kapena akaone mipando ya shapa?" (shapa ndi minibasi yonyamula anthu). Mawu amenewa anandibweza, ndipo ndinayamba kuwerengera mitunda m'malo mowerengera mayina. Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo kuchoka ku Tete kukwera ku Songo, tauni ya pafupi ndi damu la Cahora Bassa, ndi pafupifupi makilomita 150. Banja lopanda galimoto yakeyake, loyenda ndi mwana wa zaka 5, silingawonjeze Mágoè ndi Zumbo pamwamba pa zimenezi m'masiku ochepa. Tinafufuta malo awiriwo, Moatize tinati tidzangodutsamo, ndipo tinadziikira lamulo lakuti tsiku lililonse likhale ndi ulendo wautali umodzi wokha, woyamba dzuwa lisanatuluke.

Za ziphaso sizinativute. Msewu wathu sudutsa malire, komabe apolisi a pamsewu amatha kufunsa, choncho tinaika BI (chiphaso cha unzika) yanga, ya mayi a ana ndi masedula (makalata a kubadwa) a ana m'thumba limodzi la pulasitiki. Ndalama tinaigawa pawiri, ina m'foni pa M-Pesa, ina m'manja ya mametikali ang'onoang'ono, chifukwa kondakitala wa shapa ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu safuna kuvutika ndi chenje.

Malo ogona ku Tete tinawapeza kwa alamu anga a ku Matundo, tsidya la kumpoto kwa mtsinje. Ndinawadziwitsa kutatsala masabata awiri, ndinawauza bwino lomwe kuti tili anthu asanu ndi kuti tidzagona usiku utatu, ndipo tinawakonzera thumba la mbatatesi ndi ndowa ya nyemba, pakuti kwa abale sitipita chimanjamanja. Ku Songo tilibe wachibale, motero ndinaimba foni kunyumba ina yogona alendo n'kusungitsa chipinda chachikulu. Ndinafunsiratunso ku kampani ya HCB, imene imayendetsa damu, za tsiku ndi nthawi imene tingaloledwe kukaona, chifukwa pamalo pamenepa munthu sangofika n'kulowa monga pamsika. Tsiku la damulo ndilo linakhala msana wa ulendo wonse, ndipo masiku enawo tinawayala mozungulira ilo.

Tinanyamuka ku Ulónguè m'mbandakucha, ana atavala majuzi. Titadutsa pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè, dziko linayamba kutsika ndi kuuma, milambe inayamba kuoneka, ndipo tisanafike ku Moatize majuzi aja anali atalowa m'chikwama. Pamenepa ndi pamene ndinaona kulakwitsa kwanga, chifukwa madzi amene ndinaganiza kuti atikwanira tsiku lonse anatha tisanaone ngakhale milu ya malasha ya ku Moatize, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense ankanyamula botolo lake.

Madzulo a tsiku lomwelo alamu anatiperekeza kuwoloka wapansi mlatho wa Samora Machel. Sindidzaiwala mmene mwana wamng'ono anagwirira chitenje cha mayi ake atamva mlatho ukunjenjemera pansi pa mapazi pamene galimoto zinkadutsa, kenako n'kusuzumira madzi otambalala aja, akufiira ndi dzuwa lolowa, osanena kanthu kwa nthawi yaitali. Alamu anafotokozera ana kuti malole olemera amadutsa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda. Ana anadabwanso kumva Chinyungwe paliponse, akutola mawu ena koma ena akuwaphonya.

Tsiku lachiwiri tinalisiya lopepuka mwadala. M'mawa tinapita ku Boroma, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mtsinje, kukaona tchalitchi chakale cha mishoni imene ansembe a Chijezuiti anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, choimirira pachitunda choyang'ana Zambezi. Masana tinabwerera, tinadya nsima ya nyama ya mbuzi imene Tete amatchuka nayo, ndipo ana anagona msanga.

Tsiku lachitatu shapa ya ku Songo inatenga maola awiri isanadzaze, koma sitinade nkhawa chifukwa damu tinaliika pa tsiku lotsatira. Chigawo chomaliza cha msewu chimakwera phiri mokhotakhota, ndipo pamwamba pake mphepo inali yozizirira ngati ya kwathu. M'mawa mwake tinaima pamalo oonera, khoma la mamita 171 lili patsogolo pathu pakati pa mapiri awiri a miyala. Ndinauza ana kuti linamalizidwa mu 1974, kuti Mozambique inatenga ulamuliro wake kuchokera ku Portugal mu 2007, ndi kuti gawo lalikulu la magetsi ake limagulitsidwa ku South Africa. Amene anafunsa funso uja anakopera manambalawo m'kope mwake, kenako anandifunsa ngati nyanjayo imathera pamene maso ake ankathera. Ndinamuyankha kuti imapitirira makilomita oposa 200 kulowera kumadzulo, kufupi ndi ku Zumbo kumene tinafufuta papepala paja.

Tinatsikira ku Tete madzulo omwewo titagula nsomba zouma za chikowa zopatsa agogo awo, ndipo tsiku lachisanu tinakwera shapa yoyamba yobwerera kwathu. Titayamba kukwera mapiri kupitirira Mussacama, mayi a ana anatulutsa majuzi m'chikwama, ndipo wamng'ono uja anavala lake ndi dzanja limodzi, lina litagwira dambe limene anati akaonetsa anzake kusukulu.