Momwe ndinasankhira pakati pa SSHD ndi SSD

Laputopu yanga ili ndi malo a disiki imodzi yokha, ndipo nkhani yonse inagona pamenepo. Ndikatsegula Task Manager, pulogalamu yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito mu Windows, purosesa imakhala ili phee, RAM yokwana bwinobwino, koma pa Disk palembedwa 100%. Wochedwetsa zinthu anali hadi disiki. Tsono ndiikemo chiyani: SSHD, imene ambiri amangoti hybrid, kapena SSD, disiki yopanda mbale zozungulira?

Ndinayamba ndi kufufuza za SSHD, chifukwa inkandikopa: malo ambiri pa mtengo wotsikirapo. Mkati mwake ndi hadi disiki ndithu, mbale zozungulira ndi kamkono kowerenga zilimo, kungoti anawonjezeramo flash yochepa (memore yothamanga yonga ya mu SSD), kawirikawiri 8GB. A kampani ya Seagate ndi amene anatchuka nazo, kuyambira Momentus XT ya mu 2010 mpaka FireCuda. Disikiyo imaona yokha zimene mumatsegula pafupipafupi n'kuzikopera ku flash. Osankha si inu ayi. Ikakuzolowerani, kompyuta imayaka msanga, koma chilichonse chachilendo chimachokerabe ku mbale, zimene m'madisiki ambiri a laputopu zimazungulira ka 5400 pa mphindi.

Apa mpamene ndinaima n'kuyang'ana ntchito yanga, ndipo ndikukupemphani kuti sitepe iyi musaidumphe. Ine ndimakonza zithunzi. Za lero si za dzulo. Disiki yophunzira zizolowezi ingaphunzire chiyani kwa munthu wotsegula mafayilo atsopano tsiku lililonse? Ndiponso 8GB ndi malo ochepa: mukaikapo ichi, china chiyenera kuchoka. Koma amene amatsegula mapulogalamu omwewo masiku onse, ndipo akufuna 2TB m'malo amodzi, SSHD ingamuthandize. Zimenezo sindikana.

Kenako ndinawerengera zomwe ndimasungadi. Zambiri zinali mavidiyo akale amene sindiwatsegula n'komwe. Nditawapatula, zotsala zinakwana mu SSD ya 500GB, malo n'kutsalako.

Ndisanagule ndinatsegula chivundikiro cha pansi kuti ndione polumikizira. Panalibe malo a M.2, polumikizira ma SSD othamanga kwambiri otchedwa NVMe, choncho za NVMe ndinaziiwala. Polumikizira panali pa mtundu wakale wotchedwa SATA, pa disiki ya mainchesi 2.5, yokhuthala 7mm. SSD ya SATA imafika cha m'ma 550MB pa sekondi, pamene disiki ya mbale ya laputopu imayenda cha m'ma 100. Komatu chimene munthu amachimva kwambiri si manambala amenewa. Ndi mafayilo ang'onoang'ono ambirimbiri amene Windows imawerenga nthawi zonse. Pa mbale, kamkono kayenera kupita pamalo pake n'kudikira kuti mbale izungulire. Mu SSD mulibe choyenda, ndiye mulibenso kudikira kumeneko. N'chifukwa chakenso siopa kugwedezeka m'chikwama.

Kusamutsa kunafuna kudekha. Choyamba ndinakopera mafayilo ofunika pamalo ena. Poti SSD inali yocheperapo, ndinachepetsa kaye partition ya Windows, kutanthauza chigawo chake cha pa disiki, mu Disk Management kuti ikwane. Ndinalumikiza SSD ndi chingwe cha USB chopita ku SATA, n'kukopera zonse ndi pulogalamu yokopera madisiki ya Clonezilla. Pamenepa pamafunika maso: pulogalamuyi imafunsa disiki yochokera ndi yopitako, ndipo mukazisemphanitsa mwafufuta zanu zonse. Ndinawerenga dzina ndi kukula kwa disiki iliyonse mofatsa ndisanavomere.

Zitatha, ndinazimitsa laputopu, kuchotsa batire, kumasula tizomangira n'kutiika m'kabakuli kuti tisasowe. Disiki yakale inali m'kachitsulo kake koigwira, ndipo ndinakasamutsira ku yatsopano. Nditayatsa, ndinalowa pa Optimize Drives. Panalembedwa kuti Solid state drive, kusonyeza kuti Windows yaizindikira ndipo izichita yokha TRIM, ntchito youza SSD malo amene sakugwiranso ntchito. Kuchita pamanja defrag, kusonkhanitsa zidutswa za mafayilo pamodzi, sikufunikanso.

Kusiyana ndinakuona pompo, osadikira kuti disiki indizolowere. Chikwatu cha zithunzi zatsopano chinangoti mbee, zonse poyera.

Chimodzi chokha chimandidetsa nkhawa. Hadi disiki ikamafa nthawi zambiri imachenjeza, mumamva kugogoda mkati. SSD ikhoza kungosiya osanena, ndipo kupulumutsa zamkati mwake n'kovuta. Ndiye disiki yakale ija ndinaiika m'kabokosi ka USB, ndipo mlungu uliwonse ndimakoperamo ntchito yanga yonse.