Ku Kent, kutsata mawu a Alfred Deller

Mawu a Alfred Deller ndinawamva koyamba pa wailesi ndikutsuka mbale, ndipo ndinangoti awa ndi mayi. Woulutsa atatchula dzina ndinapukuta m'manja n'kutsegula foni. Chithunzi chinabwera cha bambo wandevu, wathupi ndithu. Patatha miyezi iwiri ndinakwera sitima ku St Pancras mu London, ulendo wa ola limodzi kupita ku Canterbury, komwe nkhani yake inayambira.

Oimba otere amawatcha countertenor. Ndi mwamuna wamkulu, woyankhula ndi mawu aamuna bwinobwino, koma poimba amakwera kukaima pa alto, pomwe ife kwathu timati ndi pa amayi. Deller anabadwira ku Margate, m'mbali mwa nyanja konkuno ku Kent, chigawo cha ku England, mu 1912. Mawu ake atasintha paunyamata, iye anapitiriza kuimba pamwamba, wopanda womuphunzitsa. Nthawi imeneyo mawu otere ankamveka m'makwaya a matchalitchi akuluakulu a Anglican basi, obisika pakati pa anzawo. Kuti munthu wotere aime yekha kutsogolo, anthu n'kulipira pakhomo, zinali zoiwalika kalekale.

Ndinalowa m'tchalitchi chachikulu cha Canterbury pa mapemphero a madzulo aja amati Evensong. Deller anaimba m'kwaya yomweyi kuyambira 1940 mpaka 1947, ndipo ndi kuno komwe Michael Tippett, wopeka nyimbo, anamumva n'kumuitanira ku London kukaimba nyimbo za Henry Purcell, wopeka nyimbo wakalekale wa ku England. Anatikhazika m'mipando yamatabwa pafupi ndi oimba, pafupi kwambiri moti ndinkamva akukoka mpweya. Maso anga anakakamira pa bambo wina wa mzere wakumbuyo. Pakamwa sanatsegule kwambiri, mapewa ali phee, koma kamawu kowongoka ngati ulusi kankatuluka mwa iyeyo n'kukwera m'denga lamiyala lija. Nyimbo itatha, mawu anatsalira m'mwamba kanthawi, ngati akuiwala kutsika.

Apa m'pamene manyazi anandigwira. Ku kwaya ya kwathu tinali ndi mkulu wina amene ankaimba alto pamodzi ndi amayi. Ife anyamata a besi, akamalowa, tinkagwedezana n'kunong'ona kuti, "Amayi afika." Ine ndinali patsogolo pa chipongwecho. Tsiku lina anangosiya kubwera, ndipo alto yathu sinamvekenso bwino, ngakhale panalibe amene anavomera. Deller nayenso ankafunsidwa mafunso achipongwe okhudza umuna wake, chonsecho anali bambo wapabanja, ndipo mwana wake Mark anadzakhalanso countertenor, n'kumaimba limodzi ndi bambo ake.

Tippett atamuitanira Deller ku London, zinthu zinayenda mwachangu. Mu 1946 anaimba pa pulogalamu yotsegulira wailesi ya BBC Third Programme, chaka chotsatira analowa kwaya ya St Paul's ku London, kenako anakhazikitsa gulu lake la Deller Consort. Mu 1960 wopeka nyimbo wina, Benjamin Britten, anamulembera gawo la Oberon, mfumu ya mizimu, mu opera (sewero loimba) ya A Midsummer Night's Dream. Otsutsa ena anati kusewera pa siteji sikunali mbali yake. Mwina n'zoona. Koma khomo linali litatseguka, ndipo James Bowman ndi ma countertenor ena onse obwera pambuyo analowera pomwepo.

M'mawa mwake ndinatsika sitima pa kasiteshoni ka Wye kuti ndiyende wapansi kupita ku Boughton Aluph. Kumeneko kuli tchalitchi cha All Saints, komwe kumachitikira chikondwerero cha nyimbo cha Stour Music chimene Deller anayambitsa mu 1962, ndipo komweko ndi komwe anagona atamwalirira ku Bologna, ku Italy, mu July 1979. Ndinachita uchitsiru wovala nsapato za ku ofesi. Usiku kunagwa mvula, kanjira kodutsa m'minda kanali thope lokhalokha, ndipo nditaphonya chikwangwani china ndinazungulira munda wonse kawiri. Mayi wina woyenda ndi galu ndi amene anandilozera, akuyang'ana nsapato zangazo mwachifundo.

Tchalitchicho chaima chokhachokha pakati pa minda, chachikulu kuposa kamudzi kake. Ndinayenda pakati pa manda ndikuwerenga mayina mpaka ndinapeza lake. Maluwa ndinalibe. Ndinacheuka uku ndi uku, nditaona kuti kulibe munthu ndinayesa kuimba mzere umodzi wa nyimbo ya kwathu pa alto, momwe ankaimbira mkulu uja. Mawu anandithyokera pakhosi pa liwu lachitatu, ndinatsokomola mpaka misozi. Khwangwala amene anali pa mpanda anauluka. Ndinapala thope la ku nsapato pa udzu, n'kuyamba kubwerera ku Wye, chifukwa sitima yanga inali itatsala mphindi 50.