Zikomo kwa onse amene munandibwezera pa chiwongolero

Abale ndi alongo a pa Chitakale, a ku Luchenza, ndi inu a ku Joni amene munachezera nafe pa foni, ndabwera kudzathokoza. Loweruka lapitali timu yathu ya anthu atatu inamaliza mpikisano wa maola asanu ndi limodzi wa galimoto za pa intaneti, pa msewu wa Kyalami wa ku South Africa, ndipo tinathera m'gulu la khumi oyambirira. Galimoto inafika kumapeto ili yamphumphu. Ena mwa inu mumaziona ngati zachibwana, ndikudziwa, ndipo amayi anga mpaka lero amangoti "zidole za mwana wangayu". Koma amene mukudziwa kumene ndachokera kuyambira mu March 2023 mundikhululukira kutalika kwa mawuwa.

Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la kuchipinda kwathu, kompyuta inapezeka m'matope pamodzi ndi chiwongolero. Sindinalire nazo, chifukwa masiku amenewo kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe anthu ankafukula abale awo, ndipo dziko linataya anthu oposa 1,000. Munthu wotsala ndi moyo, mkazi ndi mwana akadandaula bwanji za makina? Ndalama iliyonse inapita ku njerwa ndi malata, za mipikisano n'kuiwalika.

Woyamba kuthokozedwa ndi inu achimwene a ku Joni, amene simunatope kundifunsa kuti ndibwerera liti. Kompyuta yanu yakale munaitumiza pa basi itakulungidwa m'bulangete, ndipo chiwongolero cha Logitech G29 munachita kuchipeza kwa mnzanu wa kuntchito. Ndikati ndibweze pang'onopang'ono mumakwiya. Ndasiya kufunsa, koma sindinaiwale.

Amalume, inu za masewerawa simuzimva n'komwe, koma nditakuuzani kuti magetsi akangothima ndili pa chiwongolero ndiye kuti timu yonse yagwa, munazula batire ndi inveta ku golosale kwanu n'kuzikweza pa kabaza. Munati, "Mphwanga, zakozi sindizidziwa, koma usakachite manyazi pamaso pa anthu akunja." Magetsi anathimadi dzuwa likupendeka, ndipo sikirini sinaphethire n'komwe. Ndikudziwa kuti makasitomala anu anamwa zakumwa zofunda tsiku limenelo.

Kwa bambo owotcherera zitsulo a pa msika, zikomo chifukwa cha mpando. Munatenga mpando wa minibasi yakufa, n'kuuwotcherera pa felemu ya zitsulo zotsala, mapedulo n'kuwamanga ndi mabawuti anayi. Poyamba ndinkayendetsera pa mpando wa pulasitiki, ndipo ndikaponda buleki mwamphamvu mpando unkathawira m'mbuyo pa simenti, mapedulo n'kuthawira kutsogolo. Munthu wotere saponda buleki mofanana kawiri, ndipo buleki yosinthasintha imadya matayala akutsogolo. Mutamaliza munakhalapo nokha, n'kugwedeza chiwongolero uku ndi uku, n'kunena kuti chikagwedera ndibwere nacho osalipira. Sichinagwedere.

Tsopano za matayala, poti mpikisano wonsewu unagona pamenepo, ndipo pali anthu awiri amene sindingawadumphe.

Masewera athu ndi Assetto Corsa Competizione, opangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni, ndipo galimoto zake ndi za gulu la GT3 zoyendera matayala a Pirelli. Ife timayendetsa BMW M4 GT3. Chiyambire kusintha kumene anachita mu 2023, tayala la pouma limagwira bwino mpweya wake ukakhala pakati pa 26 ndi 27 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) litatentha, ndipo kutentha kwake kuzikhala cha m'ma digiri 80 mpaka 90. Vuto ndi loti iwe supopa tayala lotentha. Umasankha mpweya galimoto ili chiimire, kenaka umakwera wokha mukuthamanga, ndipo umakwera mosiyana pa tayala lililonse. Ku Kyalami kuli kona yaitali yothamanga yotchedwa Sunset, yokhotera kumanja, imene imaunjikira kulemera konse pa tayala lakutsogolo lakumanzere. Choncho matayala anayiwo sayamba ndi nambala imodzi. Mpweya ukachepa, tayala limafewa, galimoto imachedwa kumva chiwongolero, ndipo ukagunda m'mphepete mwa msewu mwamphamvu mpweyawo umatsikanso. Ukachuluka, tayala limagwira pansi ndi pakati pokha n'kumaterera.

Izi ndinkaziwerenga kalekale, koma amene anandilowetsa nazo m'mutu ndi achimwene omata matayala a njinga pansi pa mtengo wa mango paja. Tsiku lina ndikudikira chubu changa, ndinawaona akukana kupopa kwambiri njinga ya mnyamata wonyamula nthochi. Anatsina tayala ndi chala chachikulu n'kumuuza kuti, "Panopa kukuzizira. Ukamafika ku Limbuli dzuwa lili pamutu, katundu ali pamwamba, lidzipopa lokha ili." Mnyamatayo ananyinyirika, iwo osasintha. Achimwene, simunagwirepo kompyuta, koma mpikisano wathu munauyendetsa nawo.

Wachiwiri ndi mnzathu wa ku Lilongwe, dalaivala wachitatu pambali pa ine ndi achimwene a ku Joni, amene ali ndi mtima wa kalaliki. Milungu yokonzekera ija, ife tikufuna kungothamanga kuti tione amene ali ndi liwiro, iye ankatikakamiza kudzaza thanki, malita pafupifupi 120, n'kuyenda ola lathunthu osaima. Ankalemba zonse mu kope la sukulu: kutentha kwa kunja, kutentha kwa msewu, mpweya poyamba, mpweya pambuyo pa maraundi angapo, mafuta amene galimoto yamwa pa raundi iliyonse. M'kopemo ndi mmene tinatsimikizira lamulo limene oyendetsa ambiri amatsatira, loti kunja kukazizira ndi digiri imodzi uwonjezere 0.1 psi, kukatentha uchotse. Mpikisano wathu unkayamba masana n'kuthera mumdima, ndiye ulendo uliwonse wolowa ku pit, kumene galimoto imaima kuthira mafuta ndi kusintha matayala, ankatiwerengera manambala anayi atsopano. Anatiletsanso kuika mabuleki a nambala 1, amene amaluma kwambiri koma sapirira maola ambiri, n'kutisankhira a nambala 2. Ine ndinatsutsa, achimwene a ku Joni anatsutsa, kope linapambana. M'maola omaliza tinadutsa galimoto zimene masana zinkatisiya ngati taima.

Kunena zoona, anthu ambiri amene amalowa mipikisanoyi amakonzekera raundi imodzi yothamanga, ya thanki yopepuka ndi matayala atsopano, yoti aionetse pa Facebook. Galimoto yodzaza mafuta, ya matayala oti ayenda mphindi makumi anayi, ndi nyama ina. Ndi imene umakhala nayo nthawi yambiri.

Ndiye kunabwera mvula. Amene mumatsatira za Kyalami mukukumbuka kuti mu November 2019, mpikisano weniweni wa maola 9 utabwerera kumeneko, chimvula cha mabingu chinagwa chakumapeto mpaka galimoto zinayenda nthawi yaitali pambuyo pa safety car, galimoto yotsogolera anthu pang'onopang'ono pakakhala zoopsa, ndipo inapambana ndi Porsche. Okonza ligi yathu anasiya nyengo kuti izisintha yokha, ndipo inatichitira zofananazo. Ndinali pa chiwongolero ndi ine. Masewerawa amakuonetsa mmene nyengo ikhalire pakatha mphindi 10 ndi mphindi 30, ndipo ponseponse panaoneka mvula. Madontho anayamba kugwera pa galasi ndikutsika chitsetso cha Mineshaft. Galimoto zimene zinali patsogolo panga zinakhamukira ku pit kukavala matayala a mvula, ndipo phazi langa linkafuna kuzitsatira.

Achimwene a ku Joni, mawu anu m'makutu mwanga anali ozizira ngati mukuitanitsa tiyi. "Khala panja. Msewu sunanyowe. Mafuta akukwanira mphindi khumi ndi ziwiri, tilowe kamodzi." Nzeru yake inali yoti tayala la mvula ndi lofewa, ndipo pa msewu wongonyowa pamwamba limapsa msanga. Komanso kusintha matayala kumadya masekondi 30, osawerengera kulowa ndi kutuluka pang'onopang'ono, ndiye wolowa msanga adzalowanso kukathira mafuta. Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa ulaliki wa pa maliro. Ndinakweza TC ndi ABS, zothandiza kuti matayala asaterereke poponda moto ndi buleki, n'kumaponda buleki patali, n'kusiya mzere wakuda umene aliyense amadutsa, chifukwa mphira wotsalira pamenepo ukanyowa umaterera kuposa pena paliponse. Pa kona ya Leeukop kumbuyo kwa galimoto kunavina kawiri, mtima uli m'kamwa. Pofika nthawi imene munanena, madzi anali atayamba kuima pa msewu. Tinalowa, mafuta ndi matayala a mvula nthawi imodzi, mpweya tinauika woti ukafike cha pa 30 psi, inu n'kulandira galimoto. Potuluka tinali titadumpha anthu ambiri popanda kupikisana ndi aliyense pa kona.

Mvula itakata munachitanso china chimene ndinangoonera pakamwa pali yasa. Msewu ukuuma, inu mumachoka dala pouma m'malo owongoka n'kumakaponda m'zithaphwi kuti matayala azizire, mpaka anakufikitsani pa nthawi yovala matayala osalala a pouma. Mwana wanga anafunsa ngati atate ake aakulu aledzera.

Kwa mlamu wanga, amene anakwera padenga kukamanga rauta pa nsungwi: netiweki ya m'nyumba mwathu imabwera ndi kupita, makamaka chiperoni chikaphimba phiri, ndipo ikachedwa galimoto yako imaoneka ikudumphadumpha pa sikirini ya anzako mpaka amakugunda osafuna. Munazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba, anthu odutsa akukusekani, mpaka munapeza ngodya ya kum'mawa. Munaiveka rautayo chigubu chodula kuti isanyowe. Bandulo munagulanso ndinu, ndipo munandibisira mtengo wake.

Amayi a kunyumba, ndinu amene munaona zonse, kuyambira tsiku la matope lija. Madzulo ambiri okonzekera munadya nsima muli nokha ndi mwana, ine ndikulankhula ndi anthu osaoneka. Loweruka munandiikira tiyi ndi mbatata pambali pa mpando nthawi imene ena anali pa chiwongolero, ndipo mwana atakwawira ku nthambo ya inveta munamugwira mwendo asanafike. Munandiuza kuti mwezi uno ndisatchulenso za psi m'nyumba muno. Ndamva, n'chifukwa chake ndazitsanulira pano.

Aneba, zikomo potsitsa wailesi. Ana amene munadzaza pa windo, munachita bwino kusakuwa ndikamalowa kona. Ndithokozenso dalaivala wina wa ku South Africa amene dzina lake lenileni sindilidziwa: mumdima, mvula ili pakati, anaona mbendera ya buluu yomuuza kuti apatse njira omuposa raundi, n'kutipatsa njira pamalo abwino, kenaka mpikisano utatha anatilembera kufunsa kuti Malawi ali ndi timu chiyambire liti.

Mwezi wamawa ligi ikupita ku Spa-Francorchamps ku Belgium, msewu wa makilomita 7.004, kumene mvula imatha kugwa mbali imodzi kwina kuli gwa. Kope latsopano lagulidwa kale. Achinyamata a pafupi amene mukufuna kulawa chiwongolero, bwerani Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, koma mudziwiretu kuti ola loyamba mudzayenda ndi thanki yodzaza ndipo mudzalemba manambala. Amalume, batire lija ndibweretsa Lachiwiri nditalitchaja, ndipo ndidzakhala pansi kaye musanamve za tsiku la ku Spa.