Otola, ogogoda ndi ife okhala m'sitolo

Lolemba m'mawa mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito m'sitolo yathu ya zinthu zakale anandipeza ali ndi kaundula m'manja. Katundu aliyense amene tagula timamulemba: tsiku, maonekedwe ake, ndi dzina la munthu amene wabwera naye. Kumapeto kwa mzere kuli kampata kolembapo ntchito ya munthuyo, ndipo apa ndi pamene panamuimitsa mutu.

"Bwana, madala aja anabweretsa mawotchi Loweruka ndiwalembe kuti chiyani? Ndi ogulitsa kapena ogula?"

Ndinamuuza kuti asiye kaye pampatapo. Madala amenewa alibe sitolo, alibe chikwangwani, ndipo katundu sagona naye masiku atatu. Amadzuka mbandakucha ndi tochi, nkumayenda m'misika ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, m'nyumba zimene eni ake akusamuka, m'mashedi momwe anthu anaunjika zimene zinawatopetsa. Akapeza kanthu amagula, nkubwera nako kwa ife. Ku America munthu wotere amamutcha picker. Ine ndimangoti wotola, ngakhale mawuwo amanama pang'ono, poti iye satola zaulere. Mlenje ndi dzina lomuyenera, kungoti mlenje uyu nyama yake sadya, amaigulitsa isanazizire. Ku Britain kuli wina amene amati runner, amene ntchito yake ndi kunyamula katundu kwa wamalonda uyu kupita naye kwa uyo, nthawi zina asanamulipire n'komwe, kungodziwa kuti mpando umene ukuola fumbi kuno uli ndi woufuna tsidya lija. Afalansa ali ndi chineur, munthu wokonda kufukula m'milu ya zakale, ndipo amasiyanitsa brocanteur, wogulitsa zakale zosakanikira, ndi antiquaire, amene amasankha katundu wake nkumuikira umboni. Kuyambira 2010, pamene pulogalamu ya American Pickers inayamba kuonetsedwa pa kanema wa History, aliyense amene ali ndi galimoto ndi foni wasanduka picker. Ambiri mwa iwo sachedwa kusiya mpamba ukawathera.

Lachiwiri kunali zii mpaka masana, pamene kunabwera mayi wina ndi makapu asanu ndi limodzi okulungidwa m'nyuzipepala. Anati anali a agogo awo, choncho ndi antique. Mawu amenewa amativuta tsiku ndi tsiku. Pa malonda athu chinthu chimatchedwa antique chikakwanitsa zaka 100. Lamulo la msonkho la ku America la 1930 linkanena za zinthu zopangidwa chisanafike chaka cha 1830, ndipo mu 1966 analisintha kuti lizingowerenga zaka 100. Vintage, dzina la zakale zosakwana zaka 100, ndi mawu obwereka kwa opanga vinyo, ndipo malire ake ndi ofewa: pa msika wa pa intaneti wa Etsy amalola chinthu cha zaka 20. Ndinatembenuza kapu imodzi, pansi pake panalembedwa kuti Made in Occupied Japan. Chidindo chimenechi chinagwira ntchito zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mpaka 1952. Ndinawauza mayiwo kuti makapuwo zaka 100 sanafike, koma alipo anthu amene amasonkhanitsa zinthu za chidindo chomwechi basi. Anakhala kaye chete, kenako anawakulunganso. Anati abwera nawo akaganiza bwino. Sindikhulupirira kuti adzabwera, ndipo sindikuwadandaula.

Lachitatu ndi limene ndinachita manyazi. Madala aja anatulukira ndi katoni ya ziwiya zakukhitchini, nkutulutsamo masupuni anayi akuda bii. Ndinali pa foni, ndinangowayang'ana ndi diso limodzi nkunena kuti ndi okutira chabe, a mtundu uja umalembedwa EPNS, chitsulo wamba chovekedwa siliva pamwamba. Masupuni otere timawaona mazanamazana.

"Achimwene, ikani kaye foniyo pansi," anatero. "Tengani kagalasi kanu kaja."

Ndinatenga. Kumsana kwa chogwirira, pansi pa litsiro, panali tizidindo tondondozana. Mkango woyenda, kusonyeza siliva weniweni wa ku England, magawo 925 pa 1000 alionse. Nangula, chizindikiro cha Birmingham, kumene ofesi yoyesa siliva inatsegulidwa mu 1773. London ikanakhala mutu wa nyalugwe. Kenako chilembo cha chaka, ndi kamutu ka mfumukazi koyang'ana cham'mbali. Kamutu ka mfumu kapena mfumukazi kotere kankadindidwa posonyeza kuti msonkho walipiridwa, kuyambira 1784 mpaka 1890. Ndiye kuti ndisanatsegule n'komwe buku la zilembo za zaka, masupuniwo anali atandiuza kale kuti zaka 100 anazidutsa kalekale.

Chinthu chotere timachitcha sleeper, chogona tulo pakati pa zinthu wamba popanda wochizindikira. Madalawo anachizindikira ndi chala, mumdima, m'katoni ya mafoloko opindika. Anati siliva amamveka mosiyana m'dzanja, ndipo ukamupinda pang'ono amavomera. Sanawapukute dala, poti akudziwa kuti wogula wodziwa amafuna kuona chinthu momwe chapezekera. Mtsikana uja anaima pambali akudziluma mlomo kuti asaseke. Ndinawalipira mtengo umene ananena, osanenerera. Ndili ndi mabuku odzaza shelefu, koma pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi katundu wabwino kwambiri amene wadutsa m'manja mwanga sindinamupeze ndine. Amabwera ndi anthu onga amenewa, omwe dzina lawo silimalembedwa pa kapepala ka mtengo.

Lachinayi kunabwera mnyamata wovala bwino, wolankhula mothamanga, atanyamula wotchi yapakhoma. Anadzitcha picker asanakhale n'komwe pansi. Wotchiyo inali yabwino, ndipo ndinaifuna. Nditamufunsa kumene waitenga, anati kwa gogo wina amene amakhala yekha. Gogoyo anaitsatsa kuti? Sanaitsatse. Iye anangogogoda pakhomo, akuti amafunsa ngati pali mabuku akale, ndipo atalowa anaona wotchiyo.

Ameneyu dzina lake ndi knocker, wogogoda. Mzinda wa Brighton ku England unatchuka nawo kwambiri anthu amenewa. Njira yawo ndi yodziwika: amalipira bwino pa kanthu kachabechabe kuti mwini nyumba amasuke, kenako chinthu chenichenicho amachitenga ngati akumuthandiza kuchotsa zinyalala. Ndinamuuza kuti abwere ndi lisiti losainidwa ndi gogoyo komanso nambala ya wachibale wake. Ananyamula wotchi yake nkutuluka osatsanzika.

Madzulo ake mtsikana uja anandifunsa funso limene sindinalikonde. Anati kodi madala a masupuni aja sanachitenso chimodzimodzi, kugula motchipa kwa munthu wosadziwa? Ndinayankha kuti wotola amapita kumene katundu wayalidwa kale, mwini wake watchula mtengo yekha, pomwe wogogoda amalowa m'nyumba momwe munalibe malonda nkuwayambitsa. Yankholo ndi loona, koma ndikudziwa kuti mpata wake ndi wopapatiza, poti tonsefe timadyera pa kudziwa chimene mnzathu sakudziwa. Ngakhale malamulo anachedwa kuziona zimenezi. Ku England kunali lamulo lakale la market overt, loti ukagula chinthu pamsika wovomerezeka dzuwa litatuluka, lisanalowe, chimakhala chako ngakhale chitakhala chobedwa, bola iwe sunadziwe. Msika wa Lachisanu wa Bermondsey ku London unkadziwika nalo lamuloli, ndipo linathetsedwa mu 1995 momwemu.

Lachisanu ndinali ku okushoni tsiku lonse ndipo ndinabwerako ndi tebulo limodzi lokha. Kabati imene ndinaitsatira inapita kwa collector, munthu wosonkhanitsa chifukwa chokonda. Ameneyu sungapikisane naye. Ine ndikamakweza dzanja ndimawerengera lendi ndi phindu, iye amangoona mpata umene watsala m'chipinda chake. Komanso nditaisuzumira kumbuyo ndinaona kuti matabwa a pamwamba ndi a pansi ndi osiyana, zidutswa za makabati awiri zolumikizidwa, zimene timazitcha marriage. Ukwati wokakamiza. Ndinangokhala chete, sanandifunse.

Nditabwerera ndinapeza mtsikana uja atadzaza tsamba lonse ndi maina amene wawapeza pa intaneti. Mudlark, wofukula m'matope a mtsinje wa Thames ku London madzi akaphwera, ntchito imene m'zaka za m'ma 1800 inali ya ana osauka otola malasha ndi misomali, koma lero imafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira mtsinjewo, la Port of London Authority. Detectorist, woyenda m'minda ndi makina ofufuzira zitsulo. Anafuna kuti tiwonjezere mipata m'kaundula. Ndinakana, kaundulayo ndi wopapatiza kale.

Loweruka madala aja anabweranso, ulendo uno atasenza makina osokera a Singer, akuda, a maluwa agolide ofufutika. Ndisanayankhule, mtsikanayo anawatsekulira kaundula.

"Agogo, pa ntchito yanu apa ndilembe kuti chiyani? Picker kapena runner?"

Anatula makinawo patebulo, nkupukuta manja pa thalauza. "Mwanawe, ine ndinayamba ntchito imeneyi maina amenewo ndisanawamve. Lemba kuti amadzuka 4 koloko."

Analemba momwemo, ndipo ndaona kuti wabwereranso pa mzere wa mawotchi uja nkulembapo zomwezo. Makinawo ali pakona. Nambala yake yakutidwa ndi mafuta ouma, Lolemba ndiyamba ndi kuipala pang'onopang'ono kuti ndidziwe ngati anachokera ku fakitale ya Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980.