Malaiti mu ndeke ya pulasitiki, ntchito yeniyeni ili mkati

Aliyense akaona ndeke yanga ikuwala pa shelefu funso limakhala limodzi chabe, ati ma LED munawagula kuti? Ma LED si nkhani ayi. Pitani ku Town Centre kapena ku Kamwala mu Lusaka kwa anyamata okonza mafoni ndi mawailesi mukawapeza, ngakhale tochi yakufa ija ili mu dirowa ili nawo. Chovuta ndi kuletsa kuwalako kuti kusatulukire pomwe simukufuna.

Kiti yake, ndiye kuti zidutswa za pulasitiki zomata wekha, ndi ya ndeke ya DC-10 ya sikelo 1/144, ndinaisankha dala chifukwa cha Nkwazi, ija ya Zambia Airways inabwera mu 1984 kampaniyo isanatsekedwe mu 1994, madala athu mpaka lero akaitchula amayamba nkhani zosatha. Yeniyeniyo inali yaitali kupitirira mamita 55, manje mukagawa ndi 144 chimatuluka chinthu cha masentimita 38 kapena apo. Pamimba malo alipo ndithu, koma mapiko ndi opyapyala zedi.

Pulasitiki ya makiti amenewa ndi polystyrene ndipo kuwala kumadutsa. Mukangoponyamo LED osapenta mkati, thupi lonse limayaka ngati chigubu choikamo kandulo, mawindo osaoneka n'komwe. Ndiye musanamate chilichonse pentani mkati ndi penti wakuda, akauma pakaninso, kenako zimitsani malaiti m'nyumba (kuno sitivutika nazo, amazima okha) muunike ndi tochi ya foni kuseri, paliponse pakuonekera kuwala bwerezani. Mukakhutira ndiye mupake woyera pamwamba pa wakudayo kuti kuwala kufalikire mawindo onse mofanana, osati windo limodzi kuthobwa m'maso ena ali mdima. Ena amamata foyilo wakukhitchini, amatchinga bwino inde koma amadutsitsa magetsi, akakhudza miyendo ya LED ndi shoti basi. Ndipo pomwe mbali ziwiri za thupi zimakumana ndi pomwe kuwala kumathawira maningi, pamenepo pamafuna putty (phala lotsekera mipata) ndi sandipepa ndi kuleza mtima, mwinanso sabata yathunthu ya madzulo.

Za magetsi ndi masamu apang'ono chabe. Ine ndimagwiritsa 5V ya USB. LED yoyera imadya pafupifupi 3V, ndiye 2V yotsalayo mukaigawa ndi 10mA mupeza ma ohm 200, m'shopu mupeza resistor (kachipangizo kochepetsa moto wopita ku LED) ya 220, tengani imeneyo. Yofiira imadya pafupifupi 2V, yake ndi 330. LED iliyonse ikhale ndi resistor yake, mukaziphatikiza pa imodzi yofiira imalanda moto wonse yoyera n'kukhala phee. Mwendo wautali wa LED ndiwo positive. Koma kunena zoona ine mkati mokhala apasenja ndimaika resistor ya 1k (ma ohm 1,000), chifukwa ndeke yeniyeni usiku siwala ngati kantemba, mawindo amangooneka pang'ono, ndipo kiti yowala mopitirira imaoneka chidole cha mwana ngakhale mwaipenta bwino chotani.

Chenjezo kwa okonda power bank, ambiri mwa iwo amazima okha akaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa, mumangoona ndeke yathima pakapita kanthawi inu n'kumaganiza kuti waya waduka mkati. Chaja yakale ya foni ndiyabwino, kapena mabatire atatu a AA omwe amapereka 4.5V.

Kumapiko ndiye kumafuna fibre optic, tizingwe topyapyala todutsitsa kuwala. LED imakhala pamimba, kachingwe ka 0.5mm kamadutsa mkati mwa phiko mpaka kunsonga, ine ndinadula ku nyali ija yokongoletsa pa sitting room yokhala ndi tsitsi lowala. Phiko lamanzere yofiira, lamanja yobiriwira, kumbuyo yoyera, ndi lamulo la ndeke zonse, madzulo mukakhala cha ku Chelstone yang'anani zomwe zikutera pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda mudzaona. Chonde super glue ayi pamenepa, amaumitsa fibre mpaka kuthyoka komanso nthunzi yake imachititsa chifunga choyera pa mawindo. Guluu woyera wa akalipentala ndiye woyenera, amachedwa kuuma koma akauma saoneka.

Kuwotcherera mawaya chitani patali ndi kiti, soldering iron ikangokhudza pulasitiki yapita. Ndipo yatsani muone zonse zikuyaka musanatseke thupi, mukamata ndi simenti ya pulasitiki mbali ziwirizo zimasungunukirana, kutsegulanso ndi kuswa. Waya wanga umatulukira pansi pa mimba kudzera m'kapaipi komwe kagwira ndekeyo pa thabwa, switch ili kuseri kwa thabwalo.

Chatsala ndi ka beacon kofiira kothwanima pamsana ndi pansi. Ma LED othwanima okha alipo koma omwe ndawapeza ndi a 5mm, pa 1/144 ndi aakulu zedi, ndiye nawonso adzakhala pamimba, fibre n'kutengera kuwalako kunja.