Unkhoswe si kulandira nkhuku kokha ayi

Loweruka lapitali ndinali ku Chilomoni pa nkhani ya banja la mlongo wanga. Ine ndi nkhoswe wake, udindo womwe unandigwera malume atayamba kudwaladwala, ndie poyamba ndinkaona ngati ntchito yake ndi kusinthana nkhuku pa chinkhoswe, kuvina, kujambulitsa basi. Palibe anandiuza kuti tsiku lina ndidzakhala pakhonde anthu onse akuyang'ana pakamwa panga ine mutu uli mbee.

Nkhani yake ndi iyi, atha zaka 6 ali pabanja koma mwana palibe. Alamu anga sanayankhule kanthu, amangoseweretsa kiyi wa njinga yawo yamoto, amene anatenga bwalo ndi azakhali awo. "Ife tikufuna mdzukulu, banja lopanda mwana ndi banja lanji? Mwana wathu asafe opanda mbewu." Mlongo wanga maso pansi akutokosa mkeka ndi chala. Fanta yomwe anatigulira inachita kufunda osatsegulidwa.

Ine ndi wa CCAP, ndinakulira pa mabenchi a St Michael and All Angels, koma yemwe anandibwerera m'mutu nthawi imeneyo ndi Augustine wa ku Hippo, amene mnzanga wina wa Katolika kuntchito amakonda kumutchula mpaka ndinayamba kumuwerenga ndekha pafoni. Mkuluyu anali wa mu Africa momwe muno, dera lomwe lero ndi Algeria, ndipo cha m'ma 401 analemba kabuku konena za ubwino wa ukwati. Anati muli zabwino zitatu: ana, kukhulupirika, ndi mgwirizano wosamasuka womwe ankautcha sakramenti. Azakhali aja akanamva choyambacho akanalulutira. Koma munthu yemweyo ananenanso kuti ngakhale zitaoneka poyera kuti mwana sabwera, banjalo silinathe, mwamuna alibe ufulu wosiya mkazi kukatenga wina woti amuberekere.

Ndipo sankayankhula ngati munthu osadziwa kuwawa kwake ayi. Asanakhale bishopu anakhala ndi mkazi wina zaka zoposa 10 osakwatirana mwalamulo, anabereka naye mwana dzina lake Adeodatus, kenako ali ku Milan, ku Italy, mkaziyo anabwezedwa kwawo chifukwa achibale, makamaka mayi ake Monica, amafuna akwatire mtsikana wa banja lapamwamba. Iye mwini anadzalemba kuti mtima wake unang'ambika mpaka kukha magazi. Ndie mukaona, zoti achibale alowerere n'kuchotsa mkazi pakhomo sizinayambire ku Chilomoni.

Izi sindinanene pakhondepo, ndani angamvere za bishopu wa zaka 1,600 zapitazo mitima itatentha chonchija. Ndinangofunsa kuti kodi kuchipatala anapitako onse awiri? Zii. Kunapezeka kuti mlongo wanga yekha ndi amene wakhala akuyendayenda, kuchipatala, kumapiri kukapemphera, ngakhale zitsamba wamwa, alamu sanayezetseko ndi kamodzi komwe. Apa azakhali anayamba kukonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi zomwe alamu anandiuza akundiperekeza pa siteji. "Alamu, ine za mwana sizikundivuta kwambiri, ndipo mkazi wanga sindimuda. Kungoti moto uja unazima, timangokhala ngati munthu ndi mlongo wake." Aaa. Apa ndie panali nkhani yeniyeni, zinazo unali utsi chabe.

C.S. Lewis, wolemba mabuku wa ku Britain, mu 1960 anagawa chikondi panayi potengera mawu a Chigiriki, cha pachibale, cha ubwenzi, eros chomwe ndi chija chokusowetsa tulo ukaona munthu, ndi agape chongopereka osayembekeza kubwezeredwa. Mfundo yake yomwe imandigwira ndi yoti eros imalonjeza zinthu zomwe payokha siingakwanitse. Ndi zoona eti, pa tsiku la ukwati amene amanena kuti "mpaka imfa" ndi munthu woledzera ndi chikondi, koma wodzasunga mawuwo ndi munthu wina, wotopa, wa ngongole ya lendi, magetsi atazima.

Vuto lathu kutchalitchi timathamangira ku agape ngati kuti eros ndi tchimo. Pa bridal shower uphungu wake ndi omwewo, banja ndi kupirira, banja ndi kupirira, ndipo mawu amenewa asunga azimayi ambiri m'nyumba zomwe amamenyedwa, ine zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono. Chonsecho Nyimbo ya Solomo ili m'Baibulo momwemo, anthu awiri akusirirana thupi osachita manyazi, kaya munamvapo liti abusa akulalikira pamenepo kkkk. Papa Benedict XVI m'kalata yake yoyamba ya 2005 anati eros siyofunika kutayidwa, imafunika kuyeretsedwa ndi kukula, ndipo munthu sangamangopereka chikondi osalandirako. Ine wa CCAP ndinavomera.

Thomas Aquinas, wansembe wa m'zaka za m'ma 1200 yemwe sanakwatirepo n'komwe, anati pakati pa mwamuna ndi mkazi wake pamakhala ubwenzi waukulu kuposa wina uliwonse, poti sagawana bedi lokha koma moyo wonse wa pakhomo. Ndimaganiza za awiriwa, mlongo wanga amadzuka 4 koloko kukazinga mandasi, alamu amawanyamula panjinga kukasiya m'maokala asanayambe kunyamula anthu, madzulo amawerengera limodzi ndalama patebulo. Zomwe alamu akuzitcha kukhala ngati munthu ndi mlongo wake mwina ndi chinthu chomwe mabanja ena a ana asanu sanachilaweko. Koma sindinafune kuwanamiza kuti ndi zokwanira, munthu akulira moto iwe n'kumuuza kuti phulusa ndi lofunda.

Ndinangowauza kuti zomwe mwandiuza inezi mukamuuze mwini wake, osati azakhali. Anaseka mwamanyazi, minibasi ya ku Limbe inafika kondakitala akukuwa, ndinakwera.

Lachitatu mlongo wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti alamu avomera kukayezetsa. Za moto uja sananene kanthu ndipo ine sindinafunse. Tikumananso kumapeto kwa mwezi, azakhali anena kale kuti ulendo uno abwera ndi amalume a ku Thyolo.