Biti imodzi inandigulitsa fani

Bolodi ya FPGA, chipu imene umaikonzera wekha kagwiridwe kake ka ntchito, inali itakhala pa tebulo langa ku ofesi ku Area 47, ikuthwanima ngati ikudziwa zimene ikuchita. Ntchito yake inali kuwerengera masamu a elliptic curve, amene amateteza uthenga pa intaneti. Poyamba ndinalemba Verilog (chilankhulo cholembera zochita za chipu) ya curve yotchedwa Curve25519, imene p wake, nambala imene mayankho onse ayenera kukhala pansi pake, ndi 2^255 − 19. Manambala awiri osafika p ukawaphatikiza amakwana bwinobwino m'mabiti 256 (biti ndi malo a 0 kapena 1), ndiye ndinalemba reg [255:0] sum, posungira yankho pa mabiti 256, zonse zikuyenda myaa.

Kenaka abwana anati kasitomala akufuna curve ina, P-256. Ndinasintha p kukhala 2^256 − 2^224 + 2^192 + 2^96 − 1, ndinayesa 2 kuphatikiza 3, inabweza 5. Ndinayesa 100 ndi 200, inabweza 300. Ndinapita kukadya chipisi mtima uli mbee.

Tsiku loonetsa, abwana ataima kumbuyo kwanga manja m'thumba, ndinachulukitsa point G, poyambira pa curve, ndi kiyi, nambala yachinsinsi. Yankho litabwera, ndinaliyika mu fomula ya curve, y² = x³ − 3x + b, kuti aone. Mbali ziwirizo sizinafanane ngakhale pang'ono. Point inali itachoka pa curve, yapita kwawo.

Ndinati ndi magetsi, abwana, voteji ikusewera. Tinalumikiza ku invata, chimodzimodzi. Ndinati ndi chingwe cha USB. Titasintha chingwe, ndinatembenukira kwa Okutobala: chipu yatentha. Ndinakwera minibasi mpaka ku Old Town, ndinagula fani ndi ndalama zanga, ndinaiyika kuti izipepesera bolodi. Mapepala onse a mu ofesi anauluka, koma yankho linabwera lolakwika lomwe lija, manambala ake osasintha ndi imodzi yomwe. Apa mpamene ndikanazindikira kuti kutentha sikulakwitsa mofanana kawiri.

Mtsikana wophunzira ntchito anasuzumira pa sikirini nati, "Achimwene, 1 wosunga uja mukumuika kuti?"

Zoona, za ku Sitandade 2: 7 kuphatikiza 5, lemba 2, sunga 1. Mu P-256, p ali pafupi kwambiri ndi 2^256, kotero pafupifupi theka la nthawi a + b amafuna mabiti 257. Verilog sichenjeza, imangodula biti yapamwambayo n'kuitaya. Ndipo kuchulukitsa point kamodzi kumaphatikiza manambala kambirimbiri, palibe populumukira. Timanambala tanga toyesera sitinkafika n'komwe kumeneko.

Ndinasintha kukhala [256:0], ndinakonza kuti iziwerengera s (yankho la a + b) ndi s − p nthawi zonse, mux (kachipangizo kosankha chimodzi mwa ziwiri) n'kusankha cholondola, kuti nthawi yowerengera isaulule kiyi. Point inabwerera pa curve.

Abwana anayamikira mtsikanayo, n'kunyamula fani kupita nayo ku ofesi kwawo. Risiti ndinawapatsa, anati awona kumapeto kwa mwezi.